Tisanasamutse maseva, tiŵelenge bwino

Ambili a ife tikamacoka pa VMware kupita ku Proxmox, timangowonkhetsa ma vCPU amene tinagaŵa kale, n'kugula makina. Apa m'pamene timalakwitsa. Hyper-threading siwonjezela mphamvu kaŵili, core imodzi ni imodzi basi.

Tinene kuti tili na maseva 3, iliyonse ya ma core 16, pamodzi 48. Imodzi ikafa usiku, ma core 32 otsalawo ndiwo adzasenza katundu yense. Pa ma vCPU 4 pa core imodzi, malile athu ni 128, osati 192. Database yotangwanika tiipatse ma core akeake.

Coyamba tipime nchito ya makinawo mwezi wathunthu, makamaka kumapeto pokonza malipilo. Tikapanda kutelo, anzathu adzacedwa kufola cifukwa ca masamu athu.