Chipewa Chowala ndi Dazi la Alamu Anga

M'nyengo yothyola khofi chaka chatha ndinakwera mapiri a Misuku kukacheza kwa alamu anga, amene munda wawo uli kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Madzulo tili kuotha moto chifukwa cha chisanu cha kumeneko, alamu anatulutsa chipewa chimene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. M'kati mwake munali timababu tambirimbiri toyaka psuu ngati makala. Masana amachipatsa mphamvu pa sola, ndipo usiku amachivala kwa mphindi zingapo. Akuti n'chomeretsa tsitsi. Popeza inenso pamutu panga mpoyera, ndinachivala masiku onse amene ndinakhala kumeneko, ndipo sindinamve kupweteka kapena kutentha. Koma eni ake anali atachivala miyezi isanu, pamene dazi lawo, limene linayamba mwanayo asanabadwe, linali kung'anima monga kale.

Sindikunena kuti chipangizochi n'chabodza, pakuti chili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1967 dokotala wa ku Budapest m'dziko la Hungary, Endre Mester, anameta mbewa naziwalitsa ndi laser yofooka, ndipo anaona kuti ubweya wawo unamera msanga kuposa wa mbewa zimene sanaziwalitse. M'chaka cha 2007 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalola kuti chipeso chotchedwa HairMax LaserComb chizigulitsidwa kwa amuna othothoka tsitsi. Ofufuza anapeza kuti tsitsi linachulukako mwa anthu amene anachigwiritsa ntchito mosadukiza kwa miyezi isanu ndi umodzi. Komabe anthuwo sanali a dazi lokhwima, kusinthako kunali kwapang'ono, ndipo kafukufuku wambiri analipiridwa ndi eni malondawo.

Tsono dazi limabwera bwanji? M'chaka cha 1942 James Hamilton wa ku America anaonetsa kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sachita dazi. Lero tikudziwa kuti gwero lake ndi timadzi ta m'thupi la mwamuna totchedwa DHT, timene timafooketsa mizu ya tsitsi mwa anthu amene anatengera zimenezi ku mtundu wawo. Tsitsi limayamba kutuluka lopyapyala ndi lalifupi, mpaka muzu uleka kubala. Mlimi wa khofi aidziwa bwino nkhani imeneyi. Mtengo wofooka ukaudulira ndi kuuthira manyowa umatsitsimuka, koma chitsa chimene chinauma kalekale, ungachithirire bwanji, sichiphuka. Pamutu pa alamu anga panatsala zitsa.

Pali mfundo ina imene ogulitsa satchula, ndipo ikukhudza ife eni khungu lakuda. M'chaka cha 1975 dokotala wa khungu, Thomas Fitzpatrick, anayambitsa muyeso umene lero umagawa khungu la anthu m'magulu asanu ndi limodzi, kuchokera loyera kwambiri kufika lakuda bii. Chilolezo cha zipangizo zambiri zoterezi chimatchula magulu anayi oyambirira okha, pamene ambiri a ife tili m'gulu lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi. Khungu lakuda limamwa kuwala kochuluka kusanafike pamizu. Choncho munthu wa ku Misuku akavala chipewachi, akuyesa pamutu pake chinthu chimene umboni wake unachokera kwa anthu a khungu lina. Onjezani apo zipewa zotchipa zongofanizira, za timababu wamba. Paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa n'chakuti si tsitsi lonse limene limathothoka chifukwa cha mtundu. Chipere cha pamutu, chindoko, kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro, zonsezi zimadya tsitsi. Amayi ndi atsikana ambiri tsitsi lawathera m'mbali mwa mphumi chifukwa choluka mothina. Zambiri mwa izi zimachizika munthu akafulumira, koma akaziphimba ndi chipewa chowala, nthendayo imakula pamene iye akudikira chozizwitsa. Safunsa anadya phula. Kafunseni kaye pachipatala cha Misuku kapena chachikulu cha ku Chitipa. Mankhwala odziwika alipo: minoxidil wopaka, amene analoledwa ku America mu 1988, ndi finasteride wakumwa, mu 1997. Onsewa amagwira ntchito pokhapokha munthu asaleke, ndipo wachiwiriyu amachepetsa mphamvu za m'banja mwa amuna ena komanso ngwoopsa kwa amayi oyembekezera. Asagulidwe pamsika kapena kumalire, koma m'masitolo amene bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority linawaloleza.

Tidzifunsenso: n'chiyani chimene chimatuma bambo wolemekezeka kubisa mutu wake? Ndi ife amene timaseka. Ena amanyoza dazi, ena amalitama kuti n'chizindikiro cha chuma, ndipo bodza lachiwirili n'loipa kuposa loyamba. M'chaka cha 2017 apolisi a ku Mozambique anachenjeza amuna a dazi, ena ataphedwa m'boma la Milange, kutsidya kwa Muloza, ndi anthu okhulupirira kuti m'mutu wa dazi muli golide. Mulibe golide, abale, monganso mulibe temberero. Ndi khungu basi.

Maganizo anga ndi awa. Mnyamata amene tsitsi langoyamba kumene kupyapyala, ngati dokotala wamuona ndipo m'thumba mwake muli zotsala, angathe kuyesa, koma asayembekeze nkhalango. Amene dazi lawo linakhazikika asataye thukuta la ana awo. Ndinawauza alamu anga kuti: "Alamu, mwanayu ndalama amazipeza movutika ku Joni. Mumuuze kuti ulendo wina atumize ya feteleza wa khofi kapena fizi ya mng'ono wake." Anaseka, nasisita pamutu pawo, nati adzaganiza. Ndamva kuti chipewa chija amachivalabe m'mawa popita kumunda, chozimitsa, pakuti chimatchinga bwino mphepo ya m'mapiri.

M'gawo lotsatira tidzakambirana za mafuta oyeretsa khungu.