Magazi a mwana sachokera kwa mayi yekha

Kuno ku Luangwa, mwana akabadwa ndi vuto limene sitikulidziwa, mlandu suchedwa kugamulidwa, ndipo wolakwa amakhala mayi. Khanda likayamba kutupa timanja ndi timapazi, maso achikasu, kulira usiku wonse, akuchimuna amayamba kunong'ona kuti kwawo kulibe zotere. Ena amati ndi mdulo. Ena amaloza gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, ngakhale kuti lamulo la Witchcraft Act, Chaputala 90, limaletsa kutchula munthu mfiti. Ife tikuti mabodzawa akhalitsa chifukwa chimodzi: palibe amene amakhazika banja pansi, bambo ndi mayi pamodzi, n'kuwafotokozera mmene matenda otengera kumtundu amayendera.

Titenge sickle cell. Munthu aliyense ali ndi malangizo awiri opangira magazi, amodzi ochokera kwa bambo, ena kwa mayi. Mabuku ena amawatcha majini, koma mawu amenewo tiwasiye, poti kuno mukati mwana ali ndi majini anthu athamangira kwa sing'anga. Yerekezani kuti kholo lililonse lafumbata nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira, ndipo liponya imodzi m'lichero litatsinzina. Zikagwa zofiira ziwiri, mwana adwala. Achipatala amalemba SS. Ikagwa yofiira ndi yoyera, ndi AS, mwana wabwinobwino koma wonyamula ngati makolo ake. Zikagwa zoyera zokhazokha, ndi AA. Choncho makolo onse awiri akakhala AS, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe SS. Tikuti pa mimba iliyonse, chifukwa lichero silikumbukira zimene zinagwa chaka chatha. Banja lina likhoza kubereka ana asanu osadwala ndi mmodzi yemwe, lina n'kudwalitsa atatu motsatizana.

Mayi sangaponye nyemba ziwiri yekha. Bambo amene amati kwawo kulibe matendawa ndiye anaponya inayo.

Mwambo wathu nawonso umathandizira kusokoneza. Kwa ife Ansenga mwana ndi wa kuchikazi, amawerengedwa kwa amalume ake, ndiye chilichonse chopezeka pa iye chimaoneka ngati katundu wa mbumba imeneyo. Mwambowo ndi wabwino pa nkhani ya ufumu ndi minda. Pa magazi sugwira. Chinanso chosokoneza n'chakuti mwana wa SS amabadwa wooneka bwino, chifukwa magazi amene anali nawo m'mimba amamuteteza miyezi ingapo yoyamba. Akamatha, cha m'ma miyezi isanu ndi umodzi, matenda amaonekera, ndipo anthu amati pali amene wamuchita chipongwe. Munthu wosauzidwa angaganize chiyani china?

Ndipo kunyamula nyemba yofiira si tsoka lochititsa manyazi. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kuti anthu a AS amatetezeka ku malungo aakulu. N'chifukwa chake mtundu umenewu wa magazi umachuluka kumene udzudzu unavutitsa anthu kwa zaka mazanamazana. Ife okhala pamene Luangwa amathira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo ndi Kanyemba, sitifunika kuuzidwa za udzudzu. Chimene chinapulumutsa makolo athu ndi chomwecho chimene lero chikupweteka zidzukulu zina.

Chialubino chimayenda njira yomweyo: makolo awiri akuda bii, onse onyamula, mwana n'kubadwa woyera. Woimba John Chiti, amene anayambitsa Albinism Foundation of Zambia, wakhala akunena poyera kuti bambo ake anamukana atabadwa, ndipo filimu ya Can You See Us? inachokera pa moyo wake. Ambiri anaionera pa Netflix n'kugwetsa misozi. Koma kumudzi ana otere akuitanidwabe chidangwaleza, amayi awo akuimbidwabe mlandu wa chigololo chimene sanachite.

Tikadandaula chonchi, yankho limabwera lomwelomwelo: akatswiri a zimenezi ndi ochepa, ali ku UTH ku Lusaka, ndipo kuchokera ku Feira ndi mtunda wopitirira makilomita 300, kudzera pa Luangwa Bridge. Zoona. Ntchito yoyeza makanda sickle cell itakhazikitsidwa mu 2021, inayambira ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo sitikudabwa. Pali matenda ena osowa kwambiri amene dzina lake lingapezeke kokha ndi dokotala wamkulu ndi labotale yaikulu, ndipo amenewo atumizidwe ndithu. Koma kufotokoza nyemba zinayi sikufuna pulofesa.

Dziko lino linachitapo kale zimenezi. Edzi itavuta, sitinadikire madokotala a maganizo. Tinaphunzitsa anthu wamba uphungu, tinawapatsa kachipinda ndi mipando iwiri, ndipo amuna amene ankathawa sikelo anayamba kuitanidwa kukayezetsa pamodzi ndi akazi awo. Aphungu amenewo alipo mpaka lero. Alipo a SMAG amene amayendera amayi oyembekezera, alipo a Neighbourhood Health Committee. Tizipangizo toyezera sickle cell pobaya chala tilipo, monga HemoTypeSC ndi SickleSCAN, ndipo zotsatira zimatuluka munthu asanadzuke pa benchi. Ngati mayi wa pakati akubayidwa kale chala kuti aone HIV ndi chindoko, dontho lina limodzi lingavute pati? Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ya Feira yomwe. Makalasi ndi madesiki tawaona, tikuthokoza. Tikufuna kuti pa misonkhano ya mawodi wina aimirire n'kupempha maphunziro a aphungu ndi tizipangizo timeneti, kuti banja la kwa Mphuka kapena kwa Mburuma liyezedwe ku Katondwe kapena pa boma, osati kugulitsa mbuzi kuti lifike ku Lusaka.

Kudziwa msanga kumasunga moyo. Mwana wa SS amene akumwa penicillin tsiku ndi tsiku kuyambira ali khanda, wolandira katemera yense, wogona m'neti, amapewa matenda amene amapha ambiri asanakwane zaka zisanu. Hydroxyurea imachepetsa ululu wobwerezabwereza. Mayi wophunzitsidwa amadziwa kuti thupi likangotentha palibe zodikira kuche, amadziwa kupapasa kapamba kumanzere kwa mimba, amadziwa kuti pa kutentha kwa Okutobala m'chigwa muno mwanayo ayenera kumwa madzi kuposa anzake. Wachialubino amafunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa, chifukwa khansa ya pakhungu ndiyo mdani wake wamkulu.

Pali ena amene akamva zimenezi amalumphira kwina: ndiye a AS awiri aletsedwe kukwatirana, abusa asamadalitse ukwati wotere. Mipingo ina ku Nigeria imachita zimenezo. Ife tikukana. Mukasandutsa kuyezetsa kukhala khoti, achinyamata adzabisa mapepala, ndipo mtsikana wa AS ndiye adzasalidwa pamene mnyamata wa AS akukwatira mudzi wina. Phungu amafotokoza, eni ake amasankha. Ngakhale pa ukwati wa pachisuweni, umene umakulitsadi mpata woti nyemba zofanana zikumane, ntchito ya phungu ndi kunena zoona zake, osati kunyoza mwambo.

Chimene sitingalole ndi uphungu wa mayi yekha. Mukamuuza iye yekha n'kumutuma akafotokoze kunyumba, mwamusenzetsa mlandu kachiwiri, chifukwa apongozi sangamve za nyemba kuchokera kwa mkamwana amene akumukayikira kale. Bambo aitanidwe ndi kalata, chala chake chibayidwe, aone yekha zotsatira zake. Ngati banjalo lavomera, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alowe nawo m'chipindamo, poti ndi iwowo amene adzakhale pa mphasa tsiku limene wina adzafune kuthetsa ukwati.