Kufesa amla kumafuna kudekha

Ambiri mwa inu dzina loti amla mumangoliona pa botolo la mafuta odzola m'tsitsi. Komatu amla ndi chipatso. Kwawo ndi ku India, ndipo boma la Pratapgarh ku Uttar Pradesh limatchuka nacho kwambiri. N'chowawasa moti ukachiluma nkhope imakwinyika, koma vitamini C wake amaposa wa lalanje. Akatswiri a zomera amati ndi m'bale wa masuku athu, ngakhale kakomedwe n'kotalikirana.

Mukafuna kufesa, tengani nthangala yolimba ya m'kati mwa chipatso chokhwima, muiyanike padzuwa mpaka ing'aluke yokha. Mupezamo timbewu 6. Tiponyeni m'madzi. Toyandama n'topanda pake, tayani. Tomira tiviikeni usiku wonse, kenako mufese m'machubu a dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa, pamthunzi.

Tsono apa m'pofunika mtima. Mtengo wofesa umatha zaka 7 kapena 8 usanabereke, ndipo zipatso zake zimatha kukhala zazing'ono. N'chifukwa chake alimi a ku India amafesa mbewu kuti apeze tsinde chabe, n'kumezanitsapo mitundu ngati Banarasi kapena Chakaiya, imene imayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4.