MAFUTA AKACHIPA TISAIWALE MSANGA

Mu Epulo 2016 kampani ya ku America yochedwa Edmunds, imene imalondola kayendedwe ka malonda a magalimoto, inaulutsa nkhani imene inagwetsa ulesi onse amene amalimbikitsa magalimoto osamwa mafuta ambiri. Ku dziko limenelo munthu akafuna galimoto yatsopano, kawirikawiri amapereka yakale kwa wogulitsa ndi kuonjezapo ndalama. Kampaniyo inawerenga anthu amene anapereka magalimoto amagetsi kapena a haibulidi, ndipo inapeza kuti m'miyezi yoyamba ya caka cimeneco 27.5 peresenti okha ndiwo anatenganso galimoto ya mtundu womwewo. Caka ca 2015 anali 38.5 peresenti. Munthu mmodzi mwa atatu alionse anacoka pa sitolo atakwera cigalimoto cacikulu ca mtundu wa SUV, cimene cimamwa petulo mosaumira.

Cimene cinatembenuza mitima yao sicinali cobisika ai. Pakati pa caka ca 2014 mgolo umodzi wa mafuta osayenga unali kugulidwa madola oposa 100, koma pofika Januwale 2016 unatsika kufika pansi pa madola 30. M'malo omwetsera mafuta a ku America galoni ya petulo, imene iri pafupifupi malita anai, inagulitsidwa pa mtengo wosafika madola awiri.

Ife sitifuna kuwaseka anthu amenewa, pakuti anawerengera ndithu asanasankhe. Galimoto ya haibulidi inali yodula pogula kupambana inzace ya petulo yokha, ndipo mwini wace amayembekeza kuti ndalama yoonjezayo idzabwera pang'onopang'ono mwa mafuta amene sanagule. Petulo akadula ndalamayo imabwera msanga. Akachipa zaka zoyembekeza zimacuruka, ndipo munthu amayamba kudzifunsa cifukwa cace ali kupanikiza banja lace m'kagalimoto kakang'ono pamene mnansi wace ali kuyenda motakasuka. Pamene anaphonya mpakuti anayesa cinthu cokhala zaka khumi kapena kuposa ndi muyeso wa cinthu cosinthika m'miyezi yowerengeka. Mu Juni 2022, nkhondo ya ku Ukraine itasokoneza misika, galoni yomwe ija inapitirira madola asanu, ndipo zimagalimoto zogulidwa mu 2016 zinali zikali pa mseu, eni ace ali kulira pa mpope.

Kuiwala kotere sikunayambe dzulo. Maiko a Aluya ataletsa kugulitsa mafuta ku maiko ena mu 1973, mtengo wa mgolo unakwera kanai, ndipo unakweranso mu 1979 pa nthawi ya cipolowe ca ku Iran. Anthu a ku America anathamangira timagalimoto ta ku Japan. Mtengo utagwa mu 1986, pang'ono ndi pang'ono anabwerera ku zazikulu zimene anazolowera.

Tsono pano tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Galimoto ya haibulidi, monga Toyota Prius imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, iri ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota yamagetsi. Yambiri ya mtundu umenewu siifuna kulumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, cifukwa batire lace limadzazidwa ndi injini, ndiponso ndi mphamvu imene ikadatayika pamene woyendetsa aponda mabuleki. Ndico cifukwa cace imapulumutsa mafuta koposa m'tauni, m'mene galimoto imaima ndi kunyamuka kosaleka. Koma galimoto yamagetsi yeniyeni, monga Nissan Leaf imene inaturuka kumapeto kwa 2010, iribe thanki ya mafuta konse. Mwini wa haibulidi amayang'ana mtengo wa petulo, pamene mwini wa yamagetsi nkhawa yace yoyamba ndi yakuti adzachaja kuti.

Zimenezi zinaoneka bwino m'kufufuza kwa akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis, kumene kunasindikizidwa mu 2021. Pa anthu a m'cigawo ca California amene anagula magalimoto ochaja ku magetsi pakati pa 2012 ndi 2018, pafupifupi mmodzi mwa asanu anawasiya pogula galimoto yotsatira. Cifukwa cacikulu cimene cinapezeka cinali kuvuta kwa kuchaja, makamaka kwa iwo amene analibe cochajira camphamvu pa nyumba pao. Kunena mwacidule, wina amathawa cifukwa petulo wachipa, wina amathawa cifukwa watopa ndi kudikira, ndipo mankhwala a matenda awiriwa ndi osiyana.

Mwina owerenga ena adzafunsa kuti nanga ife a mu Zambia zitikhudza bwanji nkhani za anthu olemera a kutsidya kwa nyanja. Zitikhudza kupambana iwowo. America amakumba mafuta ace, koma dziko lino dontho liri lonse la petulo ndi dizilo limacokera kunja, ndipo limalipidwa ndi ndalama zakunja. Acikulire akumbukira zimene zinacitika Ian Smith atalengeza ufulu wace wacinyengo ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965. Njira ya kumwera inatsekeka, petulo anayamba kugawidwa ndi makuponi, ena anabwera pa ndege, ndipo madalaivala anataya miyoyo pa mseu wocokera ku Dar es Salaam umene anaucha Hell Run. Mpope wa TAZAMA, wa makilomita 1,710 kufika ku Ndola, unamalizidwa mu 1968 cifukwa ca masautso amenewo, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsatira mu 1973. Kuyambira 2023 mpopewo unayamba kunyamula dizilo woyengeka kale. Mtundu umene unaona zotere suyenera kunyengedwa ndi kuchipa kwa miyezi itatu.

Komabe ciyeso cimeneci catifika kale. Boma litacotsa cithandizo ca pa mitengo ya mafuta mu Disembala 2021, bungwe la Energy Regulation Board linayamba mu 2022 kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense anaphunzira kuchera khutu pa wailesi tsiku lomaliza la mwezi. Mitengo itakwera, timagalimoto ta haibulidi togwirapo kale nchito ku Japan, monga Toyota Aqua ndi Honda Fit, tinayamba kuoneka kwambiri m'miseu ya Lusaka, makamaka m'manja mwa oyendetsa mataxi, amene amadziwa bwino kuti phindu la tsiku limathera m'mizere ya pa Great East Road ndi pa Lumumba. Pakati pa caka ca 2025 kwacha inalimba ndipo mitengo inatsika miyezi ingapo yotsatizana. Imeneyo inali nkhani yokondweretsa, ndipo ife tinakondwera nayo pamodzi ndi anthu onse. Koma mtengo wa pa mpope umatsamira pa miyendo iwiri, msika wa mafuta wa dziko lonse ndi mphamvu ya kwacha, ndipo palibe wogula galimoto amene angalamulire ngakhale umodzi wa miyendoyi. Amene agula galimoto lero adzakhala nayo pa kukwera ndi kutsika kwa mitengo kambirimbiri.

Tinene zoona pa mbali inanso. Sitingauze munthu kuti akhale wokhulupirika ku galimoto yamagetsi pamene magetsiwo palibe. Mu 2024 cilala cinaphwetsa nyanja ya Kariba, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo miyezi ina ya caka cimeneco nyumba zambiri zinakhala mumdima maola ofika 21 pa tsiku. Munthu amene anali ndi galimoto yamagetsi pa nthawi imeneyo, wopanda mapanelo a dzuwa pa denga, akabwerera ku petulo sitingamuimbe mlandu. Ngati anthu a ku California, kumene magetsi sasowa kotere, anatopa ndi kuchaja, nanga kuli bwanji wa ku Matero kapena ku Kabwata? Mwa kuona kwathu, kwa anthu ambiri a m'dziko lino haibulidi ndiyo khwerero loyamba loyenera, pamene malo opangira magetsi a dzuwa, monga a ku Chisamba amene anatsegulidwa mu 2025, ali kuonjezeka.

Boma linacita bwino m'bajeti ya 2024 pocotsa msonkho wa pa malire pa magalimoto, mabasi ndi njinga zamoto zamagetsi pamodzi ndi zochajira zace, ndiponso pocepetsa msonkho wa pa magalimoto a haibulidi. Pempho lathu nlakuti cisankho cimeneci cisagwedezeke caka ndi caka. Mafuta akachipa padzapezeka anthu onena kuti ndalama ya msonkhoyo iri kutayika cabe, ndipo mau ao adzamveka okoma m'makutu a osunga cuma. Ayang'ane ku Germany, kumene boma linaleka mwadzidzidzi kuthandiza ogula magalimoto amagetsi mu Disembala 2023, ndipo malonda ace anagwa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anai m'caka cotsatira. Ayang'anenso ku Norway, dziko limene limakumba mafuta ambiri koma linagwiritsa mfundo imodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kukhululukira misonkho ya magalimoto amagetsi pamene petulo akhala ndi msonkho wolemera. Mu 2024 pafupifupi magalimoto asanu ndi anai mwa khumi alionse atsopano ogulidwa kumeneko anali amagetsi. Anthu a ku Norway si oyera mtima kuposa a ku America. Cimene cinasiyana ncakuti boma lao silinalole mtengo wa mgolo kukhala wolamulira.

Palinso nkhani ya mkuwa, imene sitiyenera kucita nayo manyazi. Galimoto yamagetsi imafuna mkuwa woposa kawiri umene umalowa m'galimoto ya petulo. Munthu wa ku Ohio kapena ku Munich akasiya galimoto yamagetsi, mphepo yace imafika ku Kitwe ndi ku Solwezi. Mu Epulo 2022 Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasainirana pangano mu Lusaka lakuti agwirizane pa nchito yopanga zipangizo za mabatire. Kungakhale kodabwitsa kuitana eni cuma kudzamanga mafakitale otere m'dziko limene eni ace amataya mtima pa magalimotowo petulo akangotsika ndi kwacha imodzi.

Koma mapangano a pakati pa maiko sathandiza dalaivala amene galimoto yace yayatsa nyale yofiira pa Kafue Roundabout. Magalimoto ambiri a haibulidi amafika kuno atayenda kale zaka zambiri, batire litayamba kufooka, ndipo mwini wace amadziwa zimenezi pokhapokha atalipira msonkho ndi kulembetsa. Batire lotere liri ndi mphamvu ya magetsi yokhoza kupha munthu, kotero kuti makanika wozolowera kabuleta sayenera kuligwira mwacisawawa. Munthu akagwiritsidwa mwala kamodzi amauza abale ace onse, ndipo mbiri yoipa imayenda msanga koposa cilengezo ca Boma. Cifukwa cace tipempha bungwe la TEVETA kuti makoleji a nchito zamanja aphunzitse anyamata ndi atsikana kukonza magalimoto amenewa, ndi kuti kuyesa magalimoto asanatumizidwe kuno kuphatikizepo kuyesa moyo wa batire, zotsatira zace zilembedwe pa pepala limene wogula angathe kuwerenga. Pafunikanso lamulo lomveka la kumene mabatire akufa ayenera kupita, asanayambe kupezeka m'zithaphwi za m'makomboni.

Ndipo oyang'anira za mphamvu ayang'ane mapu. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, pamene Nissan Leaf yoyambirira, ikali yatsopano, inali kuyenda makilomita osafika 120 pa kuchaja kumodzi monga mwa muyeso wa boma la America. Magalimoto atsopano amapita patali kuposa pamenepo, koma akale ndiwo amene anthu athu ambiri angakwanitse kugula. Wa ku Mambwe kapena ku Lundazi sadzagula galimoto yosamufikitsa kwao ku maliro. Zochajira zodalirika, zokhala ndi mapanelo a dzuwa ndi mabatire osungira mphamvu, ziyenera kuikidwa ku Rufunsa, pa Luangwa Bridge, ku Nyimba, ku Petauke ndi ku Katete, ndipo nchitoyo iyambe ngakhale m'caka cimene petulo ali wochipa.