Wodwala Akasiya Kuyankhula, Mawu Omaliza ndi a Yani?

Wodwala akagona chikomokere, akupuma mothandizidwa ndi makina, madokotala n'kunena kuti chiyembekezo chatha, banja limagawikana. Mkazi amati msiyeni apumule. Amalume, monga mwinimbumba, amati magazi ndi athu, makinawo asakhudzidwe. Mkangano wotere ungagwere banja lililonse, ngakhale mabanja ochokera ku Malawi okhala ku St Mary's, Zengeza ndi Seke muno m'Chitungwiza.

Ambiri sadziwa kuti lamulo la Zimbabwe lidaikapo njira yake. Gawo 54 la lamulo la milandu ya upandu, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2006, likuti kupha munthu pomumvera chisoni ndi mlandu ndithu, ngakhale iye mwini atapempha. Koma gawo lomweli limapatsa khoti lalikulu mphamvu zolamula kuti wodwala achotsedwe pa makina. Mwamuna kapena mkazi wake, kholo, ngakhalenso mbale wobadwa naye angathe kukapempha. Khoti limafuna umboni wa dokotala wina, osati amene akumusamalira, wotsimikiza kuti wodwalayo sadzatsitsimukanso ndipo sangakhale moyo popanda makinawo.

Ku South Africa nkhani yofanana ndi imeneyi idazengedwa ku Durban mu 1992. Dr Frederick Clarke adakomoka mu 1988 mtima wake utaima. Mkazi wake adapempha chilolezo chosiya kumudyetsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo khoti lidavomera. Clarke adali atalemberatu chikalata chokana kusungidwa ndi moyo mwa njira zotere.

Ku America, Terri Schiavo adakomoka mu 1990 asadalembe chilichonse. Mwamuna wake ndi makolo ake adakokana m'makhoti zaka 7 mpaka mayiyo adamwalira mu 2005, udani wa apongozi uli pamponda chimera.

Phunziro lake nali: khoti limaweruza mlandu, koma siliyanjanitsa achibale. Ntchito imeneyo ndi yathu. Inu alangizi a zaumoyo, atsogoleri a mipingo ndi a magulu othandizana pamaliro, limbikitsani mabanja kukambirana nkhaniyi onse akadali ndi mphamvu. Aliyense anene chifuniro chake pamaso pa akuchikazi ndi akuchimuna omwe, ndipo ngati n'kotheka achilembe. Kutero si kuitana imfa ayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga lolemera chotere lisasiyidwire mayi mmodzi wolira pakhonde la chipatala.