MUSAGULITSE MBUZI CIFUKWA CA "MGODI" WA M'KOMPYUTA



Kwabuka anyamata a pakamwa pozuna m'misika mwathu. Akuti mukagula kompyuta, iwo adzakuikirani pulogalamu yokumba Bitcoin, ndipo ndarama zidzalowa inu muli m'tulo. Poika pulogalamuyo alipiritsanso. Ife tikuti: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere!

Kukumbako n'ciani? Palibe khasu, palibe dzenje. Makina a m'maiko onse amapikisana kulota nambala imodzi, ndipo pafupifupi mphindi 10 ziri zonse wolota bwino mmodzi yekha ndiye apata mphotho. M'caka ca 2009, pamene Bitcoin inayamba, mphothoyo inali ma Bitcoin 50, ndipo kompyuta wamba ya m'nyumba inkatha kuipata. Imeneyo ndiyo nkhani imene anyamatawa amakonda kukusimbirani. Cimene sanena n'cakuti mphotho inadulidwa pakati mu 2012, 2016, 2020 ndi 2024, kotero lero ndi 3.125 basi. Sanenanso kuti okumba akacuruka, mpikisano umadziumitsa wokha masabata awiri ali onse.

Kuyambira 2013 nchito iyi inalandidwa ndi makina a ASIC, opangidwira kukumba kokha. Amodzi ochedwa Antminer S19 amalota nambala mofulumira kuposa laputopu kamiliyoni ndi kupitirira, nadya mawati 3,250, ndiko kuti mayunitsi 78 a magetsi tsiku limodzi. Makampani a ku Texas aunjika makina otere zikwizikwi m'mashedi. Kodi mwana wanu ndi laputopu yace ya kaunjika, pa batire ya sola imene imafa ndi nyali ziwiri kusanace, angapikisane nao? Iai ndithu! Adzangootca makinawo.

Mukawatsutsa adzati, "Nanga Ethereum?" Ayankheni kuti Ethereum inaleka zokumba mu Seputembala 2022. Monero imakumbika ndi kompyuta wamba, inde, koma zotuluka pa laputopu imodzi n'zocepa zedi, ndipo mukacotsa mtengo wa magetsi ndi wa intaneti mutsala ndi ciani? Za kukumba ndi foni musamvere n'komwe: Apple ndi Google analetsa mapulogalamu okumbira m'foni mu 2018.

Ena adzakuchulirani Bondo ku Mulanje, kumene kampani ya Gridless inaika makina okumba Bitcoin mu 2023. N'zoona. Koma kumeneko kuli magetsi a madzi a m'phiri, ndipo makinawo anabwera kudzadya magetsi otsala amene mudzi sunagwiritse nchito, ndarama zace n'kuthandiza kuyendetsa magetsiwo. Kodi inu kuseri kwa nyumba yanu kuli mtsinje wotembenuza injini?

Mudziwenso kuti mu 2019 Reserve Bank of Malawi inacenjeza kuti ndarama zotere siziri ndarama zobvomerezeka m'dziko muno. Mukaberedwa, mudzakadandaula kwa yani? Ndipo mlendo amene mwamlola kuika pulogalamu m'kompyuta mwanu angathe kulembamo cikwama cace, kuti kambiri kamene makina anu akumba kapite kwa iye, inu n'kumalipira magetsi.

A Capampando ndi Alembi a nthambi, werengani kalata iyi pa msonkhano ukudzawu, makamaka pamaso pa anyamata ndi amai a m'magulu osunga ndarama. Wobwera ndi malonda a mgodi afunsidwe poyera kuti makina ace adya mayunitsi angati pa tsiku, ndipo apata ndarama zingati. Aonetse ciwerengero cace pa pepala, anthu onse akuona, mbuzi isanacoke m'khola.