Khungu Silikhethemula Mfuti

Nkhani ya kuomberana ku America ikangobuka pakati pathu, pamadzuka magulu awiri. Ena amati vuto ndi anthu akuda a kumeneko, ati ngankhanza chibadwire. Ena, odziyesa achifundo, amati vuto ndi umphawi basi. Ine ndikutsutsa magulu onsewa, ndipo loyambalo ndikuti lichite manyazi.

M'chaka cha 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti m'dziko la United States. Oposa theka la iwowa anachita kudziombera okha, ndipo ambiri mwa odziphawo anali azungu aamuna. Kodi amenewanso tinene kuti linawatuma ndi khungu? Nzoona kuti anthu akuda, amene alipo ngati 13 pa anthu 100 alionse, ndiwo ochuluka pakati pa ophedwa ndi anzawo. Koma khungu lomwelo tili nalo ife kuno, ndipo umphawi wathu ngwoposa wa munthu wa ku Chicago kutalitali. Nanga bwanji ku Ndirande kapena kwa Chinamwali sitiika maliro a mfuti sabata ndi sabata?

Yankho loyamba nlapafupi: mfutizo ife tilibe. Bungwe la Small Arms Survey linanena mu 2018 kuti anthu wamba ku America akusunga mfuti 393 miliyoni, kuposa chiwerengero cha eni dziko. Mkangano womwe kuno umathera pa zibakera ndi mlomo wotupa, kumeneko umathera kumanda. Ifenso tinalawako: nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zinadumpha malire ndipo umbanda wa mfuti unakula. Amalawi sanasinthe khungu zaka zimenezo. Chinasintha nchimene mbava inanyamula m'manja.

Yankho lachiwiri nlakuti umphawi wa anthu akuda ku America sunagwe ngati matalala. Unachita kumangidwa. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma la Home Owners' Loan Corporation linkajambula mapu a mizinda, nkupaka utoto wofiira madera okhala anthu akuda kuti ngoopsa kubwereketsako ndalama. Mabanki anawamana ngongole za nyumba, eni nyumba m'madera a azungu anawatsekera zitseko, kenaka mafakitale anatsekedwa. Popeza sukulu kumeneko zimadalira kwambiri msonkho wa nyumba za m'deralo, dera losauka limalandira sukulu yosauka. Mnyamata wokulira m'khola lotero, wopanda ntchito, woona wapolisi ngati mdani, amagula mfuti chifukwa mnzake wa msewu wachiwiri ali nayo. Mutsekeremo mtundu wina uliwonse kwa mibadwo itatu, muwapatse mfuti, muone ngati maliro sachuluka.

Okonda mfuti amabisala kuseri kwa Second Amendment ya mu 1791, ati kunyamula zida ndi ufulu wosakhudzika. Chikhalirecho mu 1967 a Black Panther atayenda ndi mfuti poyera mpaka ku nyumba ya malamulo ku Sacramento, bwanamkubwa wa California, Ronald Reagan, anasaina msangamsanga lamulo la Mulford loletsa mchitidwewo. Ufuluwo unakhudzika pamene mfuti inali m'manja akuda! Ku Australia, munthu mmodzi atapha anthu 35 ku Port Arthur mu 1996, boma linakhwimitsa malamulo nkugula mfuti zoposa 600,000 kwa eni ake. Nzotheka, anthu akafuna.

Tsono inu anzanga amene mukuti "akuda aja ngotero," kumbukirani kuti mawu omwewo atsamunda ankanenera agogo anu powalanda malo ndi kuwagwiritsa thangata. Mlandu muupereke kwa amene anamanga khola, ndi kwa amene amadya phindu pogulitsa mfuti pakhomo pake. Dziko lolirira mfuti lisadabwe maliro: walira mvula walira matope.